Mawu a Chiyamiko M'sipika

Martina wa ku Chikweo ankaimba bwino, koma luso lakelo silinkamugulira ngakhale sopo. Ankasakaniza jazi ndi mawu ojambula pakompyuta, ndipo anthu ankangoti, "Nyimbo zanji zosavinika?" Anzake amene ankaimba nawo kwaya anali atagula magalimoto ku Balaka, iye akupalasabe njinga, mwana wake Chiyamiko ali kumbuyo. Mtima unkamuwawa.

Tsiku lina anapita kwa a Pitala, sing'anga wa kwa Kawinga.

"Mukufuna holo izidzaza?" anatero a Pitala, akumupatsa kanyanga kokulunga m'nsalu yakuda. "Mukaike m'sipika. Mbuzi sindifuna, iyayi. Muli ndi mwana?"

"Mwana wanga musamukhudze, bambo."

"Wanena zomukhudza ndani? Muzingomujambula mawu n'kuika m'nyimbo. Koma shoo iliyonse, mawu atsopano. Pajatu jazi wanuyo sabwereza."

Martina anaona ngati zachibwana, ndipo anavomera.

Anayamba ndi kuseka kwa mwanayo. Muholo ya ku Balaka, lipenga likulira, kuseka kuja kunkadumphadumpha pamwamba pa ng'oma za pakompyuta, anthu mpaka kuimirira pamipando. Ndalama zinabwera. Koma kunyumba, kaya amutekenye bwanji, Chiyamiko sanasekenso.

Martina anadziuza kuti ndi chimfine chabe. Anajambula kanyimbo kamene mwanayo ankaimba posamba, nako kanazimirira. Kenako mawu oti "Amama." Mwana uja ankangoyasama, akukoka chitenje cha mayi ake.

Kuchipatala sanapeze vuto. Martina anathamangira kwa Kawinga.

"Ndasiya, bambo. Tengani zonse, mundibwezere mwana wanga."

"Zolowa m'sipika sizituluka, mayi. Ndipo kanyangako kazolowera kudya. Mukakamana, kadzitengera kokha."

Loweruka masana anagoneka Chiyamiko pachitenje kuseri kwa siteji, nazimitsa kompyuta kuti aimbe ndi pakamwa pokha. Nyimbo ili mkati, sipika inayamba kutulutsa kamphepo kofewa, kolowa ndi kutuluka. Anthu anakuwa, "Biti yatsopano!" Martina anakazindikira: umu ndi mmene Chiyamiko ankapumira akagona kumsana kwake. Anazula mawaya onse, koma kupuma kuja kunapitirira. Pamene ankafika kuseri, mwana anali atatsirizika.

Lero Martina amazungulira mumsika wa Balaka atabereka sipika ija, akuinyengerera kuti, "Seka pang'ono, mwanangu."

Makolo, chuma cha mankhwala amalipira ndi ana athu. Umphawi ukanamusiyira Martina mwana wamoyo, koma dyera linamusiyira bokosi.