Timiyala ta Zinki M'chipinda Chosasesa

Amayi Felesita, eni nyumba, ananena poyera: "M'chipinda chakumapetocho musaikemo kanthu. Chimwalirireni amuna anga, abale awo sanabwere kudzasesa." Tionenji anamva bwinobwino. Mwamuna wake Wakisa anangoti, "Chabwino, amayi," uku akumasula chikwama. Izi zinachitikadi ku Kawale chaka chatha. Emmie woyandikana nawo khomo anaona ndi maso ake, mukhoza kukamufunsa.

Wakisa amagwira ntchito mu labu pa koleji ina. Amasakaniza zinki ndi mankhwala ena m'timabotolo kuti pakapita masiku mumere timiyala toyera ngati shuga. Iye amati timiyalato tili ndi timauna tosaoneka ndi maso, ndipo timamwa mpweya uliwonse umene tapeza. Pomera timafuna malo abata, osagwedezeka. Ku labu ankakonza denga, ndiye anabwera nato kunyumba, kumene chipinda chabata chinali chimodzi chokha, chakumapeto chija. Titamera, anatiyanika pakambale momwemo.

Tsiku lachinayi Tionenji anazindikira kuti fungo la fodya wa malemu, limene linakana sopo m'nyumba monse chilowereni iwo, latha. Wakisa anayeza timiyalato pasikelo. Tinali titalemera. M'mawa mwake tinalemeranso.

"Ndi chinyezi basi," anatero. "Ndikatitenthetsa chituluka."

Loweruka usiku magetsi atazima, anaika kambaleko pambaula. Emmie anali atabwera kudzapala moto. Tiwale, mwana wa Tionenji ndi Wakisa wa miyezi isanu ndi iwiri, anali mtulo pamphasa.

Fodya anayamba kununkha. Wachingambwe. Agalu akuseri anasiya kuuwa. M'chipinda muja mpando unalira ngati munthu wakhalapo.

"Mwamva?" ananong'ona Emmie.

"Ndi malata," anayankha Wakisa.

Kenako Tiwale anatsokomola. Sichinali chifuwa cha khanda. Chinali chakuya, chokoka, cha munthu wamkulu. Anatsokomolanso, natsegula maso, nayang'ana kuchitseko cha chipinda chija. Sanalire.

Tionenji anamunyamula n'kumubereka ndi nsalu.

"Kuche kaye, amake Tiwale," anatero Wakisa. "Maminibasi atha."

"Ku Biwi kwa amayi anga ndi pompa, ndiyenda wapansi. Inu tsalani ndi miyala yanuyo. Emmie, tiye undiperekeze."

Ali pakhomo, anamva mpweya wa mwana ukumuwomba m'khosi, wofunda, wonunkha fodya. Anamangitsa nsalu ija, natuluka.