Njinga Yotsekedwa Pakamwa

Binwell ananyamuka pa boma la Neno naini koloko itadutsa kale, ndipo olakwa anali magetsi. Anathima dzuwa lili paliwombo, n'kudzayakanso nkhuku zitalowa. Mathews, makaniko wa kuseri kwa msika, sakanaboola chitsulo ndi mano.

Ntchito yake inali yaing'ono. Njinga yamoto ya Binwell inali yolongolola. Paipi yake ya utsi inalibe kanthu m'kati, moti ikalira agalu a midzi itatu ankadzuka. Anaigula kwa a Alfred, amalume a mkazi wake, atangolowa chikamwini ku Ligowe, njingayo itakhala zaka m'chipinda chosungira chimanga. Anzake a kabaza ankamusirira, nayenso kunena zoona ankadzimva nalo phokosolo. Sanafunsepo kuti anachotsamo sailensa yochepetsa phokoso ndani, ndipo anachotseranji. Safunsa anadya phula.

Koma tsopano kunyumba kunali Ruth, khanda lobadwa masiku asanakwane, kamwana kongodzaza manja awiri. Njinga ikangolira pabwalo kankadzidzimuka, kulira mpaka milomo kuda, kenako n'kukana bere. Rejoice, mkazi wa Binwell, anali atatopa nazo.

"Bambo a Ruth, sankhani," anatero m'mawa umenewo. "Mukufuna mwana kapena phokoso?"

N'chifukwa chake Mathews anatenga kachitsulo konga chitoliro, kodzaza timabowo, n'kukakulunga ndi waya wotsukira mapoto. Anakalowetsa kumapeto kwa paipi n'kukamanga ndi bawuti imodzi yokha. Binwell ataponda kiki, njinga ija inangong'ung'udza ngati munthu wodwala dzino.

"Yakhala bwino, eti?" anatero Mathews. "Koma pachitunda muziinyengerera, achimwene. Inazolowera kupuma momasuka imeneyi."

Unali mwezi wa Juni, ndipo chifunga chinali chitatsika m'mapiri. Nyali ya njinga inkangoona mapazi ochepa kutsogolo. Binwell ankamva zinthu zimene sanazimvepo ali panjingapo: tcheni, timiyala ta mumsewu, ngakhale kupuma kwake komwe. Batalo silinamusangalatse. Njinga nayonso inali yolefuka ngati yagona ndi njala. Anawoloka mlatho wamatabwa wa kufupi ndi kwawo, n'kuyamba chitunda cha kutsidya. Pakati pa chitundacho njinga inatsokomola kawiri. Inazima.

Anaponda kiki. Zii. Anapondanso, n'kupondanso, mpaka mwendo wa buluku unakhudza paipi n'kununkha kupserera. Anatukwana Mathews, anatukwana magetsi, kenako anayamba kukankha.

Pamwamba pa chitundacho panali nyumba yosiyidwa. Ankaidutsa tsiku lililonse osaiyang'ana kawiri: denga logwera m'kati, khomo lopanda chitseko, nandolo womera yekha pabwalo. Usiku umenewo anaiyang'ana. Pakhonde panali munthu.

Munthuyo anaimirira. Anali mayi wokalamba, wofunda chitenje mpaka kumutu, ndodo ili patsogolo kufufuza njira. Anatsika mpaka mumsewu. Ndodo ija inkagunda pansi, koma osamveka...

"Lucius?"

"Ayi, mayi," anayankha Binwell. "Ndine Binwell, mkamwini wa kwa a Alfred."

Mayiwo sanamuyang'ane. Maso awo anali oyera mbee. Anatambasula dzanja n'kugwira chiwongolero. Anasisita thanki mpaka zala zinapeza popindika paja, pamene Binwell ankapabisa ndi chomata cha timu yake ya mpira. Zala zinaima pamenepo kanthawi. Kenako zinatsetsereka. Pampando. Pansi pa mpando. Papaipi.

"Mayi, mupsa!"

Anaigwira ndi dzanja lonse. Paipi yomwe ija yangowotcha buluku! Sanachotse dzanja. Sanatsinzine n'komwe.

"Njinga ndi yomweyi," anatero motsitsa mawu. "Nanga mwaitsekeranji pakamwa?"

Binwell anayasama. Mayiwo anapitiriza:

"Miyezi yonseyi ndakhala ndikumumva akuwoloka. Ndikamumva ndimatseka chitseko, ndigone. Lero ndakhala... ndakhala... Ndazizidwa, mwana wanga. Kwathu kuno sitigona tikapanda kumva kuti ana afika."

Chitseko? Binwell anatembenuka kuyang'ana nyumba ija. Khomo linali pululu, monga mwa masiku onse. Anabweza maso.

Panalibe munthu!

Chifunga chokha. Dothi lonyowa. Mapazi ake okha...

Momwe anafikira kunyumba sakumbuka bwino. Amangodziwa kuti anakankha njinga chothamanga, mwamuna wamkulu ndevu pepeya, akutchula Yesu pa phazi lililonse.

Rejoice anamutsegulira chala chili pamlomo. Ruth anali m'tulo. Kwa nthawi yoyamba chibadwire, bambo ake anafika pakhomo iye osadzidzimuka. Binwell anakhala pansi pafupi ndi mphasa n'kufotokoza zonse monong'ona. Atatchula dzina la Lucius, Rejoice anagwira pakamwa.

"Maso oyera? Ndi ndodo?"

"Eya."

"Amenewo ndi a Felista." Misozi inali itayamba kale kutsika. "Njingayi inali ya mwana wawo, Lucius, isanafike kwa amalume. Anali mmodzi yekhayo. Maso a mayi ake atafa, iye anachotsa yekha sailensa kuti azimumva akamawoloka mlatho uja pobwera ku kabaza. Anthu ankadandaula, iye n'kumangoseka, amvekere, 'Pepani, ndi foni ya amayi anga imeneyi.' Ndiye chaka china mvula itakula, anabwerera usiku madzi atakwera pamwamba pa matabwa. Njinga anaipeza m'mawa itakodwa m'bango. Iye anam'peza patapita masiku awiri."

"Nanga mayiwo amakhala kuti tsopano?"

"Bambo a Ruth..." Rejoice anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. "Atayika maliro, iwo sanasiye kukhala pakhonde paja madzulo alionse. Ankakana kulowa, ati sanamumve. Chisanu cha chaka chomwecho chinawapeza pomwepo. Tinawaika ine ndisanamalize sukulu. Papita zaka zisanu ndi chimodzi."

M'nyumba munkamveka kupuma kwa khanda kokha, kochepa ngati kwa mwana wa mphaka.

"Ndinaiwala ine," anatero Rejoice. "Mulungu andikhululukire. Ndimangoganiza za wangayu."

Binwell sanamudzudzule, ndipo palibe amene angamudzudzule. Mayi aliyense amamvetsera wake. Koma usiku umenewo Binwell sanagone. Mantha anali atatha, chotsala chinali chisoni cholemera pachifuwa. Ankaganiza za munthu amene anadikira zaka zonsezo mpaka anamva njinga ija ikuliranso, n'kuyamba kugona, ndipo iye Binwell ndi bawuti imodzi anamubwezera pakhonde, pachisanu.

M'mawa anabwerera kwa Mathews, amene anachepetsako waya uja kuti njinga izipuma pachitunda. Pochoka, Binwell anapempha kasipanala kokwana pa bawuti ija.

"Mukufuna muichotsenso?" anadabwa Mathews. "Dzulo lomweli munadikirira magetsi tsiku lonse!"

"Ingondipatsani, basi."

Kuyambira tsiku limenelo anthu a ku Ligowe amati mkamwini wa kwa a Alfred mutu unamusokonekera pang'ono. Madzulo alionse akafika pa mlatho uja amaima, amamasula bawuti, n'kusolola sailensa ndi kasanza kuti asapse. Akatero amakwera chitunda njinga ikubangula, agalu a midzi itatu n'kudzuka. Akadutsa nyumba ija amaimanso pansi pa mtengo wa mango, n'kubwezeramo kachitsulo kaja, chifukwa kutsogolo kuli Ruth. Zala zake zili ndi zipsera. Sanawaonenso mayi aja, ndipo safuna kuwaona, pakuti akadzawaona ndiye kuti sanagone.

Koma asanaponde kiki, amacheuka kuyang'ana khomo lopanda kanthu lija, n'kunena motsitsa mawu kuti odutsa asamve:

"Wafika, mayi. Tsekani chitseko."