Chimbale cha Rada Chinazungulira Chokha

Mtembo wa Silas, mmisiri wa makina, unali patsinde pa nsanja ya rada yoonera ndege, pa kaphiri koyang'ana minda ya mpunga ya m'chigwa cha Domasi. Pamwamba, chimbale chachitsulo chimene chinamukankha chinkazungulirabe. Sajeni Abdulkarim anafika ali wefuwefu, mawondo akuphwanya. Chiyambireni ntchito yaupolisi, anthu sankamufera malo osavuta kufikako.

Apolisi anzake anali atamanga kale mlonda, Hassani, poti dzana lake anatukwanizana ndi malemuyo. Mu 1986, mlandu wakupha unkathera pachingwe.

"Bwana, sindinayatse ine," analira Hassani. "Munthu akamakwera amazimitsa makina, n'kukhoma kanyumba ka magetsi, kiyi n'kuika m'thumba mwake. Ndilo lamulo lathu."

Abdulkarim anapisa m'thumba la malemu. Kiyi analimodi, ndipo loko anali wosathyola.

Madzulo anakwera kusiteshoni yaikulu, kumtunda kwa Malosa, kwa a Morton, injiniya amene anakonza ntchito yonse ya maradayi. Mkuluyo sanachedwe kudzitama. Marada atatu pa mapiri atatu, akuti, olumikizana pa wailesi. Ndege ikabisala kwa imodzi, inzake imaiona.

"Ine tsiku lonse ndinali muno, Sajeni. Funsani aliyense."

"Ndafunsa, munalidi muno. Koma tandiuzani, ya ku Domasi ikazima, mumachita kutuma munthu pa njinga?"

"Aa, njinga! Ndinakonza zoti ndiziyatsa ndili pompano..."

Apa a Morton anazindikira kuti adziulula okha. Abdulkarim sanakondwe nazo, anangomva kutopa.

"Winanso amene amadziwa zimenezi ndani?"

"Palibe."

"Ndipo Silas asanakwere anakuuzani pa wailesi."

A Morton anavula magalasi. "Mwana wanga Christobel anamuchotsa sukulu ali Folomu 3. Mimba ya Silas. Titakhala pansi ndi abale ake anakana, akuseka. Komatu m'mawa uliwonse pa wailesi, 'Mwadzuka bwanji, bwana?' Lero ndinadikira kuti afike pamwamba, ndinadina batani. Sindinamuone n'komwe akugwa."

"Nanga Hassani? Mukanamusiya apachikidwe?"

A Morton sanabise.

"Nditamva kuti amugwira, Mulungu andikhululukire, mtima wanga unakhala pansi."

Abdulkarim anadzuka pang'onopang'ono, atagwira bondo.

"Tiyeni, bambo. Unyolo wanu wavala munthu wina kuyambira m'mawa."