Katondo M'kontena ya Nilsa

M'mawa wina Nilsa anapeza dothi m'munda mwake, munda umene sunkayenera kukhala ndi dothi ngakhale kachibumwa.

Mundawo unali m'kontena, imodzi mwa zija zimatayidwa padoko la mzinda wa Ponce zikatopa ndi nyanja. Iye ndi msuweni wake Wilfredo anaikokera kuseri kwa nyumba, naikamo mashelefu, mapaipi ndi nyale zofiirira. Letesi ankamera pamadzi okhaokha, mizu yake yoyera ili lendelende. Koma tsikulo patsinde pa mbande zingapo panali katondo wonyowa, wokutidwa mosamala, zala zikuoneka.

"Wachita izi ndiwe, mphuno biii?" Nilsa anafunsa.

"Ine ndidetse mapaipi amene ndimatsuka ndekha?" Wilfredo anatapa pang'ono, nanunkhiza, nkhope n'kusintha. "Msuweni, dothi ili si la kuno. Likununkha phiri."

Anatsuka, nakhoma loko. M'mawa mwake katondo analiponso pashelefu ina, loko ali chikhomere. Tsiku lotsatira pampu ya madzi inatsekeka ndi matope, mzere wonse wa mbande n'kufota.

Nkhani inayenda m'khwalala lonse. Ena ankati kontenayo inanyamulapo anthu othawa kwawo, amene anafera momwemo pakati pa nyanja. Mayi wophika buledi, amene amadzuka anthu ali m'tulo, analumbira kuti anamva wina akuimba m'katimo. Ogula letesi anayamba kudutsa chakutali.

Nilsa anali kale ndi katundu wina pamtima. Iye anawatsitsa mayi ake, Doña Herminia, kuchokera kumapiri a Jayuya chimphepo chitagumula munda wawo wa khofi. Phiri linatsetsereka ndi bambo ake a Nilsa, Don Eulogio, ndipo thupi lawo silinapezeke. Chibwerereni mayiwo ankangokhala pazenera osalankhula. Mpunga wa nandolo umene ankaukonda unkazizirira m'mbale, dokotala n'kulephera kupeza matenda.

Asuweniwo anagwirizana zolondera. Anakhala pakhonde mumdima, Wilfredo atagwira chikwanje. Tiachule tinkalira mbali zonse, makina oziziritsa kontena akung'ung'udza chapansipansi. Tulo tinawaba. Nilsa anadzidzimuka atamva kuti tiachule tonse tasiya kulira. Pansi pa chitseko cha kontena pankatuluka kuwala kofiirira, ndipo m'katimo munkamveka mawu opyapyala, onjenjemera, akuimba pang'onopang'ono. Kuseri kwa kontena kunkamveka china: khwee, khwee, ngati munthu akupala khasu pasimenti.

"Ukumva?" Nilsa ananong'ona.

"Sindikumva kanthu, ndipo sindikufuna kumva."

"Tiye tikaone."

"Pita iwe. Munda ndi wako, ine ndimangotsuka mapaipi."

Palibe amene anasuntha mpaka kunja kunayera.

Usiku wotsatira Nilsa anauza Wilfredo kuti amukhomere m'katimo. Anabisala kuseri kwa thanki ya madzi, atafunda bulangete, madzi akuchucha m'mapaipi ngati anthu akunong'onezana. Anadikira mpaka miyendo inachita dzanzi. Kenaka loko anagwedezeka, chitseko chachitsulo chinalira, ndipo mapazi opanda nsapato analowa akukhwekhwereza pansi.

Anali mayi ake. Anali ndi kiyi wina amene ankakhala pamsomali kukhitchini, ndi kampango kodzaza katondo, kakudontha madzi ofiira. Anaima pashelefu, namasula kampango, n'kuyamba kukutira mbande imodzimodzi, akuimba nyimbo imene ankaimba pothyola khofi. Nkhope yawo inali yowala, monga Nilsa ankaidziwira ali mwana.

"Mayi," anaitana motsitsa.

Doña Herminia sanadzidzimuke. Sanacheuke n'komwe.

"Ana awa akuzizidwa, mwanawe," anatero. Anali mawu awo oyamba chitsikireni kuphiri. "Ukuwalera bwanji opanda chofunda? Miyendo ili pamtunda, m'madzi usiku wonse."

Nilsa anafuna kuseka, koma misozi ndi imene inatsogola. Anavula bulangete lake nawafunditsa.

"Awa amakula choncho, Mayi. Dothi likuwapha."

"Chomera chophedwa ndi dothi? Kusukulu kuja anakunamiza." Anapukuta zala padiresi. "Koma akukula, ayi sindikana. Uli ndi dzanja la bambo ako."

"Mawa ndikupezerani mabeseni. Mudzale zanu apa pakhomo, tsabola, nandolo, chilichonse. Izi muzisiye."

"Ndi khofi?"

"Ndi khofi yemwe."

Mayiwo anagwedeza mutu, akuoneka okhutira. Nilsa anatenga kampango kaja kuti akapinde, ndipo dzanja lake linaima. Katondo wotsalayo anali wozizira, muli timizu ndi tsamba lowola la khofi. Kuchokera panyumbapo mpaka kunyanja kunali simenti ndi mchenga, ndipo mayi ake sankatha kuyenda ngakhale kukafika kutchalitchi.

"Mayi, dothi ili mumalitenga kuti?"

"Bambo ako amabweretsa. Amasiya pakhomo, kulowa amakana. Akuti muno mukuzizira ngati m'chipatala."

Pomwepo tiachule tinakhala chete. Kuseri kwa khoma lachitsulo, pafupi kwambiri moti Nilsa akanatha kukhudza, khasu linayamba kupala simenti. Khwee. Khwee. Kenaka kunamveka kutsokomola kuwiri kotsatizana, kwa munthu wosuta fodya wopichira yekha, monga ankatsokomolera bambo ake.

Nilsa anagwira mkono wa mayi ake.

"Usaope, iwe," anatero Doña Herminia akumusisita kumutu. "Akungochotsa matope kukhasu. Lankhula nawo, ayenda mtunda wautali."

Nilsa anayandikira khoma, naika chikhato pachitsulo chozizira.

"Bambo," anatero, "mawa mubweretse lambiri. Tikudzala khofi."

Khasu linaleka kupala. Patapita kanthawi tiachule tinayambiranso, kamodzikamodzi.

"Bambo ako amva," anatero mayiwo, akulunjika kukhomo. "Tiye kunyumba. Mpunga uja ulipo? Ine njala yandipweteka."