Nyenyezi Imodzi ya Mayi wa Mapasa

Pamalo ochapa ndi kusita zovala paja, lamulo loyamba linali lakuti usanaponye chovala m'makina, yamba wapisa m'matumba. Ntchito imeneyi inali ya mtsikana wina amene anzake ankangomuti Kachete, poti dzuwa linkatha kulowa osamva mawu ake. M'matumba a eni ankapezamo zambiri: mabatani, maswiti osungunuka, ndolo yopanda inzake. Koma iye mwini, ndani ankamufunafuna? Panalibe!

Akaweruka ankabwerera kukachipinda kake ka lendi, komwe kunali bedi, mpando ndi kapu imodzi. Mnzake weniweni anali gemu ya pafoni yotchedwa Nsanja ya Nkhungu. M'gemumo mfiti inasandutsa mfumukazi kukhala mwala, ndipo kuti uipulumutse unkayenera kukwera chipinda ndi chipinda, kusakasaka zinthu zobisika pakati pa katundu wambwee: nthenga ya kadzidzi, kiyi wasiliva, dzira la chinjoka. Wosewera aliyense ankapatsidwa nyali imodzi patsiku, yoti siungayatse wekha koma kutumizira mnzako kuti imuunikire pomwe chinthu chabisala. Nyali za Kachete zinkangozima zokha. Analibe womutumizira, analibenso womupatsa.

Masana ena, Anti a pakauntala atatuluka kukadya, Kachete anawerama pafoni mpaka kuiwala dziko.

"Kuseri kwa katani."

Anadzidzimuka. Patsogolo pake panaima mnyamata wamtali, womwetulira, atakoleka jekete labuluu pamkono.

"Mwati chiyani bambo?"

"Nthenga mukuifunayo ili kuseri kwa katani, asisi. Pepani, maso angawa alibe ulemu."

Kachete anagunda pakatanipo. Nthenga ija inathwanima!

"Kani nanunso mumasewera?"

"Ine ndinaipatsa nyenyezi zonse zisanu. Inu?"

"Zitatu."

"Zitatu zokha? Inakulakwirani chiyani gemu ya eni?"

"Ndinalemba kuti ndi yokongola, koma ndi ya anthu osungulumwa," anayankha Kachete akuyang'ana pansi. "Zipinda zonsezo mulibe munthu. Umangoyenda wekhawekha."

Mnyamatayo anasiya kuseka, n'kumuyang'ana ngati wamva chinthu chachikulu.

"Ndiye kuti mwakhala mukusewera molakwika. Gemu imeneyi ndi ya anthu awiri. Ndikuuzeni chinsinsi? Musamalimbane ndi chimene akuuzani kuti mupeze. Muzifuna chimene sichikuyenera kukhala pamenepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, asisi."

Anasiya jekete, n'kutenga nambala ya foni ya Kachete.

M'mawa mwake Kachete akutsuka m'kamwa, foni inalira. Nyali! Yoyamba chiyambire kusewera! Pansi pake panali uthenga: "Mwadzuka bwanji? Lero musayende mumdima."

Kodi munthu angalire chifukwa cha kanyali kojambula? Kachete analira, mswachi uli m'kamwa.

Kuyambira pamenepo nyali sinaphonyepo m'mawa, ndipo nayenso ankamutumizira yake. Posakhalitsa "asisi" anatha, kunabwera maina otsekemera.

"Nyali yanga, wadya?"

"Nyali yanga, ndakusowa ngati kuti ndakhala mwezi osakuona."

"Ukamwetulira, nkhungu yonse imabalalika."

Mnyamatayo ankayendetsa galimoto yoperekera katundu m'masitolo, koma Anti anangomupatsa lawo dzina: Wajekete. Sabata iliyonse ankabwera nalo jekete lomwelo, loyera kale, m'matumba mulibe ngakhale kafumbi.

"Jekete limeneli litha ndi sopo lisanakalambe," Anti ankatero akupukusa mutu. "Iwe Kachete, kodi akuchapitsa jekete kapena akuchapitsa maso?"

"Aaa, Anti inunso!"

"Ndangofunsa mwanawe. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kwawo unafikako?"

Kachete anali asanafikeko kwawo kwa mnyamatayo. Ankakumana masana okhaokha, pabenchi la kuseri kwa shopu, pafupi ndi paipi yotulutsa nthunzi, mitu itagundana pafoni imodzi. Dzuwa likapendeka foni ya Wajekete inkazima. Ankati amafika atatopa zedi, amangodziponya pabedi.

"Kwanga ungakaoneko chiyani, wokondedwa?" anatero tsiku lina. "Ndimakhala ndekha ngati iwe. M'nyumba mwanga muli mbwee kuposa zipinda za m'gemumu. Ngakhale batani sinditha kusoka. Ine ndi singano tinadana kalekale."

"Ndidzakusokera ine."

"Udzandisokera moyo wonse?"

Madzulo a tsiku limenelo Kachete anagula kapu yachiwiri. Anaitsuka, n'kuiika pafupi ndi yake ija. Palibe anamwerapo, koma chipinda chinaoneka ngati chakula.

Anakwera nsanja yonse pamodzi. Anadutsa chipinda cha mawotchi, khitchini ya mfiti, munda wa maluwa agalasi, mpaka anafika pakhomo lalikulu lachitsulo, lomaliza, kumene mfumukazi inkadikira. Kachete anatukula chala kuti agunde. Wajekete anamugwira dzanja.

"Usatsegule, Nyali yanga. Khomo ili tidzatsegula limodzi, tsiku limene ndidzakuveke mphete. Ndikulonjeza."

"Ukunena zoona?"

"Ndikaname ndipindulenji?"

Ndipo Kachete anadikira. Miyezi inasinthana. M'mawa uliwonse ankalandira nyali, n'kutsegula gemu kungoti aone khomo lija, kenako n'kutseka. Akafunsa za mphete, yankho linali lomwelo: "Posachedwa, wokondedwa. Dekha." Ndipo kudekha ankakutha mtsikanayu. Si ndiye anali atadekha moyo wake wonse?

Tsiku lina kunja kukuwaza mvula, makasitomala kulibe, anaganiza zokonza cholakwa chake. Nyenyezi zitatu zija zinkamuchititsa manyazi. Gemu yomupezera munthu n'kuimana ziwiri? Anatsegula pamene osewera amalembapo maganizo awo kuti asinthe, koma maso anakodwa m'ndemanga za ena.

"Anti, tamverani izi," anatero akuseka. "Uyu akuti, 'Nyenyezi ziwiri. Zinthu zake n'zazing'ono kwambiri, ndasaka singano mpaka ndagula magalasi.'"

"Ameneyo ndi msinkhu wanga," anayankha Anti akupinda malaya. "Wina?"

"'Nyenyezi zinayi. Zonse zili bwino, koma kachinjoka kotsogolera njirako kamalongolola ngati apongozi anga.'"

Anti anaseka mpaka kugwira kauntala.

"Uyu akuti nyimbo zake zimamugonekera mwana. Uyu akuti chipinda cha mawotchi anachipanga munthu wankhanza. Eee, uyu ndiye wapereka imodzi yokha! Akudzitchula Mayi wa Mapasa."

"Tawerenga timve chamukwiyitsa."

"'Nyenyezi imodzi. Gemuyi ilibe mlandu kwenikweni, kungoti ndilibe kwina kolankhulira. Tinayamba kusewera ndi amuna anga ndili woyembekezera. M'mawa uliwonse ankanditumizira nyali, n'kumanditchula kuti…'"



"Kuti chiyani? Pitiriza."

Kachete sanapitirize mokweza. Anawerenga ndi maso okha.

"…n'kumanditchula kuti Nyali yanga. Titafika pakhomo lomaliza anati tidzatsegule limodzi ana akabadwa. Anawo akukwawa tsopano. Nyali zinasiya kubwera, sindidziwa kumene zimapita. Ngakhale jekete lawo labuluu, limene ndinalisoka ndekha kukhwapa ndi ulusi wobiriwira poti wabuluu unandithera, masiku ano akuti lizikachapidwa kwina. Ine ndikadali pakhomo. Inu amene munatsegula, m'katimo muli chiyani?"

Ayi. Ayi! Majekete abuluu ndi angati padziko? Amuna otchula akazi awo maina okoma ndi angati? Mtima unkakana, koma miyendo inali itanyamuka kale.

Jekete lija linali pamzere wa zovala zodikira eni, lositidwa bwino ndi manja ake omwe. Anapisa m'matumba mwa chizolowezi. Munalibe kanthu, monga mwa masiku onse. Apo m'pamene mawu aja anamubwerera: muzifuna chimene sichikuyenera kukhala pamenepo.

Analitembenuza.

Kukhwapa kwa kumanzere, m'kati, kunali kamzere ka ulusi wobiriwira, kosokedwa pamanja, mosamala, mofanana bwino. Sabata ndi sabata simbi yake inkadutsa pomwepo. Ankakaona, koma sanadzifunsepo n'kamodzi komwe kuti munthu wodana ndi singano, wokhala yekha, anamusokera ndani mwachikondi chotere.

Anti anabwera, anatenga foni, anawerenga mpaka kumapeto. Sananene kuti ndinakuuza. Anangomukokera pachifuwa.

"Lira mwana wanga. Lira usanamuone, kuti akabwera akupeze wouma m'maso."

Wajekete anafika mvula itakata, akupukuta madzi kumutu, kumwetulira kuli komweko.

"Nyali yanga! Bwanji maso afiira? Ndani wakuputa ndikamuonetse?"

Kachete anayala jekete pakauntala, lotembenuza.

"Ulusi uwu anasoka ndani?"

"Uwo? Telala wina wake."

"Telala amasowa ulusi wabuluu?"

"Kapena anali mchemwali wanga, ndaiwala. Kodi lero zavuta n'chiyani, wokondedwa?"

"Mapasa ali bwanji, bambo?"

Wajekete anayang'ana kukhomo ngati akuyeza mtunda.

"Wakuuza ndani?"

Funso limenelo ndi limene linamupyoza Kachete. Akanati "mapasa ati?" mwina kamtima kopusa kakanapeza pobisala.

"Ndimafuna ndikuuze," anayamba kulankhula mothamanga. "Kunyumba zinthu sizili bwino. Chibadwire ana aja, sandilabadiranso. Ndiwe amene ndimakukonda, ndikulumbira! Ndipatse nthawi pang'ono, Nyali yanga."

"Dzina limenelo lili ndi mwini wake. Nyali imabwera imodzi patsiku, si choncho? Ndiye kuti m'mawa uliwonse ine ndikamasekerera, mayi wina amayang'ana foni yake, ana awiri ali pamiyendo, osalandira kanthu. Munandidyetsa chakudya cha eni, ine n'kumathokoza!"

"Ndi gemu chabe imeneyo, wokondedwa."

"Nanga mphete? Nayonso inali gemu?"

Anti anapinda jekete mosasamala n'kumukankhira Wajekete.

"Tengani katundu wanu, bambo. Mapanga awiri avumbwitsa. Ndipo jekete limeneli musadzabwere nalonso, kwanu kuli wochapa."

Anatuluka osacheuka. Asanafike n'komwe pagalimoto, foni ya Kachete inalira: "Usandisiye chonde. Popanda iwe ndili mumdima." Anawerenga kamodzi, n'kutseka nambalayo.

Atafika kuchipinda kwake anapeza makapu awiri ali pomwe anawasiya. Kusungulumwa kwa kale kunali kopepuka, chifukwa sankadziwa chimene akusowa. Kwa tsopanoku kunali ndi nkhope, kunali ndi mawu, kunkadziwa kuseka. Anatenga kapu yachiwiri ija kuti aiswe, koma inalakwanji kapu? Anangoiika pansi pa bedi.

M'mawa foni sinalire.

Ali pasiteji podikira basi, anatsegula gemu mwa chizolowezi. Khomo lachitsulo linali pomwepo. Pakona panali nyali yake ya tsikulo, yopanda kopita. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anabwerera kundemanga zija, anapeza dzina la Mayi wa Mapasa, n'kuwatumizira nyaliyo ndi mawu ochepa: "Mayi, musadikirenso munthu. Tsegulani."

Sanayembekezere yankho. Koma basi isanatulukire, foni inanjenjemera.

"Zikomo m'bale wanga, kaya ndinu ndani. Ndinaiwala kuti nyali imawala bwanji. Ndalira mpaka ana akundidabwa. Kodi nanunso pali amene mukumudikira?"

Kachete anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja.

"Analipo. Sanali wanga."

"Pepani kwambiri. Anthu ena alibe chisoni. Ine ndikuopa kutsegula ndekha. Bwanji titsegule limodzi, inu uko ine kuno?"

Basi inafika, anthu anakankhana pakhomo, kondakitala anamukodola. Kachete sanasunthe. Kodi akanangovomera, n'kukhala mnzawo wabwino wosadziwika? Zikanakhala zophweka. Kwa nthawi yoyamba akanapeza munthu womumvetsa, ndipo mawu amodzi okha akanatha kumuchotsera ameneyonso. Koma iye anali atalawa kale kuwawa kokondedwa ndi munthu wobisa zinthu.

Basi inanyamuka n'kumusiya yekha pasiteji. Analemba pang'onopang'ono, misozi ikudontha pagalasi la foni:

"Titsegule, mayi. Koma tisanatsegule, pali chimene ndiyenera kukuuzani. Jekete labuluu lija, amene wakhala akulichapa ndine."