Galimoto ya Malemu Bilyana

Kuno ku Sofia, mitima sigwera m'maphwando ayi. Imagwera pa siteji ya basi m'nyengo yozizira, munthu atazizidwa mpaka nzeru kuuma.

Ndi pamenepo pomwe Nevena, mtsikana wogulitsa m'sitolo ya mankhwala, anakumana ndi Lazar. Mwamunayo anali wamtali, wovala zakuda, ndevu zosameta ngati wofedwa.

"Chemwali, manja anuwo afiira. Tengani magolovesi anga."

"Nanga inuyo?"

"Ine kuzizira ndinakuzolowera. Kunalowa m'nyumba mwanga tsiku lomwe mkazi wanga Bilyana anatulukamo ali m'bokosi."

Mayo ine! Mtima wa Nevena unasungunuka pomwepo ngati batala pachiwaya. Basi inabwera, inapita, iwo osaiona n'komwe.

Posakhalitsa foni ya Nevena inayamba kulira m'mawa uliwonse.

"Uchi wanga, wadzuka? Lero ndaseka koyamba chimwalirire Bilyana. Iwe ndiwe dzuwa lotulukira pamanda."

Ndani angakane kukhala dzuwa?

Lonjezo nalo linabwera, ali pabenchi kudya chimanga chootcha. "Chaka cha maliro chikangotha, mphete ikulowa pachala ichi. Ndalumbira pamtanda wa manda ake."

Lachisanu lililonse Lazar ankakwera sitima kupita ku Pazardzhik, akuti kukapalira manda ndi kutonthoza apongozi, n'kubwerako Lolemba. Foni ankazimitsa. Kumanda sayankhirako foni, paja.

"Ndikuperekeze ulendo uno, wokondedwa?"

"Ayi, duwa langa. Nthawi sinakwane. Malemu angakhumudwe."

Angakhumudwe! Mawu amenewa anamulowa Nevena m'mafupa. Kuyambira pamenepo sanakhalenso yekha. Akamatsuka mbale ankamva ngati wina waima kumbuyo kwake. Lazar akamupsompsona, iye ankatsegula diso limodzi kuyang'ana pakhomo. Chithunzi cha malemuyo sanachionepo, choncho nkhope ya mkazi aliyense wa m'basi inkakhoza kukhala yake.

M'matchalitchi mwathu makandulo a anthu amoyo timaika pamwamba, a akufa pansi, mumchenga. Lamlungu lililonse Nevena ankagwada pamchengapo n'kuyatsa kandulo imodzi.

"Achemwali Bilyana, sindinakubereni ayi," ankanong'ona. "Ndikungokusamalirani. Gonani, chonde gonani."

Chisanu chitatha, Nevena anatopa ndi mabasi. Anaganiza zogula kamodzi mwa timagalimoto tija todulidwa mchira, toyendera mafuta ndi magetsi omwe, toti ulowe nato m'timisewu ta pakati pa mzinda popanda kutukwanizana ndi munthu. Koma mumtima munali china. Ankafuna tsiku lina adzamutenge Lazar mpaka kumanda kuja, akaikeko maluwa ndi manja ake, kuti mwina wakufayo amusiye.

Lachitatu lina masana anapita awiriwo ku Gorublyane, kumene magalimoto ogwirapo kale ntchito amandanda ngati ng'ombe pamsika. Anawalandira Bai Spas, mkulu wamimba yotsogola, yemwe pakamwa pake sipachoka nthanga za mpendadzuwa.

"Fikani, ana anga! Ya mzinda? Ndili nazo ziwiri, zonse ngati anamwali." Anamenya denga la yoyera. "Iyi ndi Yaris. Mukhoza kuiimika pakati pa mabini awiri a zinyalala, malo n'kutsalako. Mafuta imanyambita ngati mphaka. Pamzere wa magalimoto injini imagona, batire ndiye amakoka."

"Nanga yobiriwirayo, Bai Spas?"

"Eee, uli ndi diso iwe! Imeneyo ndi Jazz. Kunja kamwana, m'kati holo. Mipando yakumbuyo imapindika, firiji imalowa, apongozi amalowa. Yoyerayi ndi ya munthu mmodzi ndi chikwama chake. Yobiriwirayi ndi ya anthu oganiza za mawa." Anatsinzinira Lazar diso.

Koma Lazar sanaseke. Anali atayang'anitsitsa kaulusi kofiira komangidwa pagalasi la m'kati mwa yobiriwirayo, kaja timamanga kuopa diso loipa. Nkhope yake inali itatuwa ngati phulusa.

"Tenga yoyera, uchi wanga. Yoyera. Tizipita."

"Iii, osayesa n'komwe? Lazar, taganiza, tikadzakhala ndi ana tidzawaika pati mu kakang'onoko?"

"Mtundu wobiriwira ndi watsoka."

"Watsoka ndi wosagula, mphwanga," anatero Bai Spas, akutsegula zitseko za yobiriwirayo. "Lowani, tizungulire kuseriku."

Nevena anakhala pachiwongolero. Mpando unali utakankhidwira kumbuyo kwambiri, ndipo m'katimo munkamveka fungo la mafuta onunkhira a munthu wamkazi, a maluwa, osati akalekale. Thupi lake linachita tsemwe popanda chifukwa. Lazar anaima panja mpaka Nevena anachita kumukoka jekete. Bai Spas anadzipanikiza kumbuyo.

Nevena anadina batani. Zii.

"Yalira?"

"Yalira, mwana wanga. Zimenezi sizikhosomola. Zimayenda ngati mzukwa."

Inayendadi ngati mzukwa. Magalimoto a m'mbali ankangotsetsereka chammbuyo, popanda phokoso, ngati kumaloto. Nevena ankamva kupuma kwa Lazar kokha.

Kenako kasikirini kapatsogolo kanawala kokha. Panalembedwa mawu akuti: "Lazar wa Bilyana. Foni yalumikizika." Ndipo nyimbo ya m'foni imene inali m'thumba la Lazar inayamba kuimba m'galimoto monse.

Nevena anaponda mabuleki mpaka nthanga za Bai Spas zinamwazika.

"Lazar! Galimotoyi ikukudziwa bwanji? Dzina lake likutani apa?"

Munthu wabodza, anzanga, amaganiza msanga kuposa loya. Lazar anagwira kumaso, mapewa n'kuyamba kugwedezeka.

"Ndi yake, Nevena. Ndi ya malemu. Ndinaigulitsa atangoikidwa kuti ndisamaione. Taona, wanditsatira mpaka kuno!"

Nevena anadzilemba chizindikiro cha mtanda, misozi ili chuchuchu. Ndiye kuti fungo lija linali lake? Ndiye kuti wakhala pampando wake, wagwira pomwe ankagwira? M'magalimoto onse a m'dziko muno, n'chifukwa chiyani mapazi ake anamufikitsa pa imeneyi?

"Atikwiyira, Lazar! Makandulo onse aja sanawalandire!"

Anamukumbatira, onse akulira. Kumbuyo kuja Bai Spas analavula khoko la nthanga m'dzanja.

"Pepani polowerera maliro. Malemu ake ati?"

"Mwini galimotoyi, Bai Spas. Mkazi wake. Anamwalira chaka chatha."

"Hmm. Mayi Bilyana a ku Pazardzhik? Atsitsi lofiirira, oseka ngati belu?"

Lazar anasiya kulira.

"Chifukwa mayi amene anabweretsa galimotoyi dzana Lolemba anandidyera theka la banitsa yanga, chitumbuwa chotentha cha tchizi. Ndaikapo anthu ambiri ine, koma wakufa wodya chonchija sindinamuone."

"Mukusokoneza ndi munthu wina, bambo," anatero Lazar ndi mawu ouma.

"Mwina. Koma mimba inali apa, mpaka kukhudza chiwongolero. N'chifukwa chake mpandowo uli kumbuyo. Akuti kagalimotoka kachepa, ana awiri, wachitatu ali m'njira. Anasinthitsa ndi yaikulu ya mipando isanu ndi iwiri. Akuti, ‘Amuna anga akuvutikira ife ku Sofia kuno, sakudziwa, ndikawadabwitsa Lachisanu.’" Bai Spas anayang'ana Lazar kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndipotu adabwadi."

Nyimbo ija inali ikuimbabe. Nevena anachotsa manja ake pakhosi pa Lazar pang'onopang'ono, ngati wagwira chinthu chowola.

"Manda aja unkapalira Lachisanu lililonse ndi amenewa?"

"Uchi wanga, tamvera. Mumtima mwangamu anafa kalekale. Wamoyo ndiwe wekha. Ndimafuna kukuuza, koma..."

"Ali ndi pakati, Lazar."

"Zinangochitika, dzuwa langa."

"Ine ndakhala ndikumuyatsira kandulo ya akufa! Munthu wamoyo, wapakati! Ndinkagwada pamchenga kumuuza kuti agone. Iwe unkadziwa, n'kumandipukuta misozi?"

Lazar anatambasula dzanja kuti amugwire, koma Nevena analikankha.

"Tsika."

"Nevena..."

"Tsika m'galimoto ya mkazi wako!"

Anatsika. Atatseka chitseko n'kuyenda masitepe angapo, nyimbo ija inaduka yokha.

"Mwana wanga," anatero Bai Spas akutola nthanga zake, "ntchito yangayi ndanamapo ndithu, Mulungu akudziwa. Koma sindinaphepo munthu kuti malonda ayende."

Nevena anafuna kuseka, koma chomwe chinatuluka ndi kulira.

Nevena anagula yoyera, ya munthu mmodzi ndi chikwama chake.

Mameseji a Lazar anagwa ngati matalala. "Uchi wanga, sindikudya." "Duwa langa, ndiyankhe." "Popanda iwe ndifa."

Anayankha uthenga umodzi wokha: "Ukafa undiuze. Poika kandulo ndikupadziwa."

Koma Lamlungu sanalidikire. M'mawa mwake anaimika kagalimoto kake m'kampata ka pafupi ndi tchalitchi, n'kulowa akuthamanga. Mayi wogulitsa makandulo, amene anamuzolowera, anamupatsa imodzi asanapemphe.

"Ya malemu athu aja, eti mwana wanga?"

"Ndipatseni ziwiri, mayi. Ina ikhale yaing'ono."

Anadutsa pamchenga paja osayang'anapo. Anaima chilili n'kuika makandulo onse awiri pamwamba, pa amoyo.

"Achemwali Bilyana, dzukani," ananong'ona. "Ndinakugonekani nyengo yonse yozizira, inu ndi kamwanako. Sindinkadziwa. Mukachire bwino, chonde, mukachire bwino."

Kandulo yaikulu inayaka msanga. Yaing'onoyo inaphethira, inawerama, inatsala pang'ono kuzima. Nevena anaitchinga ndi manja onse awiri, osapuma, mpaka lawi linaima.

Kagalimoto koyerako akuyenda nako mpaka lero, ndipo sikanamukhumudwitsepo. Koma pamzere wa magalimoto, injini ikagona n'kukhala zii, Nevena amafulumira kutsegula wailesi. Wakufa anamuopa nyengo imodzi yokha. Wamoyoyu, amene akusekabe ngati belu ku Pazardzhik osadziwa kanthu, ndiye sachoka pampando wakumbuyo.