Thumba la Chinangwa Lapita ndi Madzi

Lettie ankakhala ku Chintheche, pafupi ndi kamtsinje. Tsiku lina m'mawa, mtima wake sunali m'malo. Thumba la chinangwa linali litasowa.

Dzulo lake, amayi anamutuma kukaviika chinangwacho m'kamtsinje. Anamuuza kuti asanjikepo mwala waukulu. Koma mwalawo unali wolemera. Lettie anangomangirira thumba ku bango. Bango n'kugwira thumba? Ayi ndithu. Mvula inagwa, madzi anasefukira, thumba linapita.

Popanda chinangwa, palibe ufa wa kondowole. Popanda ufa, banja lonse ligona ndi njala.

Lettie anaulula kwa bambo ake, a Enos. Iwo sanakalipe. Anangotenga nkhafi ziwiri, n'kumuuza kuti akwere m'bwato.

Anapalasa. Anapalasa. Kamtsinjeko kamathera m'nyanja. Thumba likalowa m'nyanja, basi, lapita.

Lettie anaona choyera m'bango. Kodi ndi thumba? Ayi, anali kakowa. Kakowa anauluka.

Anapalasa. Anapalasa. Anadutsa maluwa a kakombo. Tombolombo anatera pa nkhafi. Chule anadumphira m'madzi. Koma thumba silinaoneke.

Lettie anaona chakuda pa chipika. 

"Ada, ng'ona," anatero monong'ona.

"Ndi ng'azi imeneyo, mwanangu. Ikuwothera dzuwa," anatero bambo ake.

Anapalasa. Anapalasa. Tsopano mafunde a m'nyanja anayamba kumveka. Nyanja inali pafupi. Lettie anachita mantha kwambiri. Misozi inalengeza m'maso mwake.

Kenako anamva fungo. Linali fungo lowawasa. Mwana aliyense wa ku Chintheche amalidziwa. Ndi fungo la chinangwa choviika.

"Ada, imani. Lili pompano," anatero Lettie.

Bambo ake anayang'ana uku ndi uku. Sanaone kanthu. Lettie ananunkhiza kumanja. Ananunkhiza kumanzere. Kenako analoza m'gumbwa.

Bambo anakankha gumbwa ndi nkhafi. Thumba lija ili! Linali litakodwa m'mizu. Anakoka onse awiri, mpaka linalowa m'bwato.

Kunyumba, Lettie anapereka thumba lija. Ankaopa kuti amayi akalipa. Amayi anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anamasula thumba. Anafinya chinangwa ndi zala.

"Chafewa bwino," anatero. "Bwera, tiyanike."

Anayanika onse atatu. Lettie ananunkha chinangwa tsiku lonse. Koma sanadandaule ngakhale pang'ono.